Mutu 7: Timisomali Takuda

1. Maso obwereka

Kamaso ndi bambo ake ankagwira ntchito pa fakitale imodzi, ndipo m'mawa uliwonse ankanyamuka limodzi. Anthu a mumsewu mwawo ankachita nawo kaso. Ankati, "Taonani mwana woleredwa bwino! Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma akuyendabe atakolowekana mkono ndi bambo ake."

Akanadziwa! Mkonowo sunali wa ulemu wokha ayi. Maso a bambowo anali atayamba kuchita nkhungu. Pamphambano sankaona bwino galimoto, pamasitepe ankaponda m'malere, ndipo manambala a pawotchi anali atasanduka madontho. Kamaso ndiye ankawolotsa bambo ake pamsewu, koma ankachita ngati wowolotsedwayo ndi iyeyo.

Kufakitale bambowo ankatchedwa a Ng'anjo, chifukwa anali atakhala pang'anjo yamagetsi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mwana wawo wamkaziyo anthu anamutcha Kamaso chifukwa ankaona kachitsotso kamene anzake atatu akanaphonya. Anali ndi miyezi isanu chiyambire ntchito, ndipo miyezi itatu mwa imeneyo anali akubwereketsa maso kwa bambo ake mobisa. Ankasesa pafupi ndi ng'anjo ngakhale pamalo posada, n'kumanong'ona kuti, "Moto uli bwino," kapena, "Tulutsani tsopano."

Chinsinsichi chinali ndi chifukwa chake. Nyumba ya zipinda ziwiri imene ankakhalamo inali ya kampani. Ntchito ikatha, nyumba nayo yatha. M'nyumbamo munali mayi ake ovutika miyendo ndi ang'ono ake awiri a pasukulu. Ndiponso Kapitawo, mkulu woyang'anira ntchito, anali atanena kale poyera tsiku limene a Ng'anjo anawononga thireyi ina ya tizitsulo tophika m'ng'anjo: "Achikulire, ikadzawonongeka inanso, tidzapitira limodzi kwa dokotala wa maso. Akakapeza vuto, basi mudzakapume."

Tsoka silinunkha. Tsiku limeneli atangolowa pageti, Kapitawo anakodola Kamaso.

"Iwe, lero ukakhala kolongedza katundu. Anthu awiri sanabwere, ndipo lole ikubwera mawa."

"Bwana, nanga kung'anjo?"

"Kung'anjo kuli mwini wake. Kapena ukufuna kuphunzitsa bambo ako ntchito imene anaiyamba iwe usanabadwe?"

Anthu anaseka. A Ng'anjo anaseka nawo, koma dzanja lawo linafinya mkono wa mwanayo lisanausiye. Chipinda cholongedzera chinali kutali, kuseri kwa makoma awiri. Kamaso anapita kumeneko mtima uli m'mwamba.

2. Dzimbiri lophika dala

Kuti mumvetse mantha a Kamaso, muyenera kudziwa kanthu kamene fakitaleyi inkapanga. Kanali kakang'ono ngati batani la malaya: kamphete kachitsulo, pakati pake galasi, ndipo m'galasimo mutadutsa kamsomali. Kamsomaliko ndi kolowetsa magetsi m'kabokosi kotsekedwa, pamene galasi limatchinga kuti mpweya ndi chinyezi zisalowe nawo. Antchito ankangoti "mabatani". Ogula ankawaika m'timakina timene anthu a m'migodi amapachika pachifuwa, timene timalira mpweya woipa ukayamba kudzaza pansi pa nthaka.

Timisomalito sitinali ta chitsulo wamba. Tinali ta chitsulo chosakaniza ndi zitsulo zina zotchedwa nikelo ndi kobati, chimene chimafutukuka pakatentha n'kubwerera pakazizira mofanana ndi galasi, kotero galasilo silisweka. Koma galasi ndi lonyada. Silimamatira pachitsulo chonyezimira, limafuna dzimbiri. Kwina konse dzimbiri ndi mdani, koma pano ankachita kuliphika dala, ndipo wophika wake anali a Ng'anjo.

Tsiku limene Kamaso ankayamba ntchito, bambo ake anamuimika pafupi ndi ng'anjo n'kumulangiza motere:

"Umvetsetse, mwana wanga, chifukwa moto subwereza mawu. Timisomali timalowa muno muvi uwu uli pa 800, ndipo timakhalamo mphindi zokhazo zimene zalembedwa pakhadi. Tikatuluka, umayang'ana mtundu. Tikatuluka towala ngati supuni, ndiye kuti dzimbiri lachepa, galasi siligwira. Tikatuluka totuwa ngati mbewa, uthokoze Mulungu, ndi tabwino timeneto. Koma tikatuluka takuda ngati makala, usataye nthawi. Moto wapyola, dzimbiri lakhuthala, ndipo dzimbiri lokhuthala limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Galasi ligwira ndithu, batani lioneka lokongola, ngakhale pamakina oyesera likhoza kudutsa bwinobwino. Koma pakapita miyezi, chinyezi chimayenda m'timabowo muja pang'onopang'ono mpaka chilowe m'kati, makina n'kufa mwini wake osadziwa. Takuda n'totaya. Sapukuta, sapala, sapempherera. Chinanso, usadzayerekeze kukhudza kamsomali ndi dzanja lopanda golovesi. Thukuta la chala chimodzi limawononga ntchito ya tsiku lonse. Wamva?"

"Ndamva, bambo," anayankha Kamaso tsiku limenelo.

Anamvadi, ndipo akanatha kubwereza mawu onsewo ngati ndakatulo ya kusukulu. Kumva malangizo tsiku la mtendere sikuvuta konse.

3. Mbewa ya a Ng'anjo

M'mawa wonsewo Kamaso analongedza ngati munthu wobwerekera manja. Anamata katoni yopanda kanthu, anagwetsa lumo kawiri, mpaka mayi amene ankalongedza naye anafunsa ngati wasiya chibwenzi pageti. Kamaso sanaseke. Anayesa kuzemba kuti akasuzumire kung'anjo, koma ntchito inali yothina moti ngakhale madzi akumwa ankachita kubweretseredwa pomwepo.

Belu la nkhomaliro litangolira, anathamanga osavula n'komwe magolovesi.

Anapeza bambo ake akupukuta thukuta, nkhope ili mwee. Panjerwa zoziziritsira panali thireyi ya timisomali mazana atatu, toyembekezeka kukwera lole ya mawa ija.

"Wabwera?" anatero a Ng'anjo. "Taona! Ndimaopa kuti sinditha ndekha, koma manja sakalamba, mwana wanga. Mphindi ndawerengera mumtima, sindinaphonye ndi imodzi yomwe. Taona mbewa imeneyo!"

Kamaso anayang'ana. Timisomali tonse tinali takuda bii, tina mpaka tayamba kusupuka tinkhungwa. Anaponya maso pamuvi wa moto. Unali pa 950. Anthu amene anagwiritsa ntchito ng'anjoyo dzulo lake anaukweza pa ntchito ina n'kuiwala kuubweza, ndipo a Ng'anjo anakhala nawo m'mawa wonse maso ndi maso osauona.

"Bwanji wangoti duu? Si yabwino kodi?"

Kamaso anayang'ana bambo ake. Panali patapita miyezi itatu asanawaone akumwetulira chotero. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma zimene zinatuluka zinali zina.

"Ndi yabwino, bambo. Mbewa yeniyeni."

"Si ndimanena ine!"

"Pitani mukadye. Ndikapereka ndine kwa Mayi Mikanda."

A Ng'anjo anatuluka akuimba mluzu, dzanja likutsatira khoma. Atangokhota, Kamaso anabweza moto pa 800, ananyamula thireyi ija n'kuiphimba ndi nsalu. Sanapite nayo kwa Mayi Mikanda, amene ankalandira timisomali tikachoka pang'anjo. Analowa nayo m'kachipinda kosungira zipangizo, natseka chitseko ndi mwendo.

4. Ola limodzi

M'kachipindamo munali mashelefu a fumbi, zitini za penti ndi zenera limodzi laling'ono. Kamaso anakhala pansi, thireyi pamiyendo. Anali ndi ola limodzi lokha anthu asanabwerere ku ntchito.

Kutaya timisomalito sakanatha, poti Kapitawo akanatifuna. Kuphika tina sakanathanso, chifukwa tatsopano tinali m'kabati yokhoma ndipo makiyi anali m'thumba la Kapitawo yemweyo. Anayang'ana uku ndi uku ngati nkhuku yotsekeredwa, mpaka maso ake anagwera pa mpukutu wa sandipepa wosalala uja amasalazira zitsulo.

Anang'amba kachidutswa, anatenga kamsomali kamodzi ndi chopanira, napala pang'ono. Fumbi lakuda linagwa. Anapalanso. Kamsomali kaja kanatuwa.

"Mbewa," ananong'ona yekha. "Ambuye, mbewa!"

Apa mpamene mwana wanzeru uja anasanduka chitsiru, ndipo tisamunyengerere ayi. Ankadziwa bwinobwino kuti wasintha mtundu wokha, timabowo tili pomwepo. Koma munthu akamamira amagwira ngakhale udzu.

Anapala kachiwiri, kachitatu, kachikhumi. Atayang'ana wotchi ya pamkono anapeza kuti mphindi khumi ndi zisanu zapita, iye atangopala makumi awiri okha. Chopanira chinkaterera. Magolovesi ankakodwa m'sandipepa.

Anavula magolovesi n'kuwaponya uko.

Anayala sandipepa pansi, anathirapo timisomali todzaza dzanja, nayamba kutigubuduza ndi chikhato. Nsonga zake zinkamubaya. Khungu la zala linasupuka, magazi anasakanikirana ndi fumbi lakuda lija, koma sanaleke. Thukuta linkagwera pantchito pomwepo, misozi nayo inkagwera pomwepo. Panja wina anadutsa akuseka, Kamaso anaumitsa thupi osapuma mpaka mapaziwo anapitirira.

"Chonde, chonde, chonde," ankangotero, osadziwa kuti akupempha yani.

Belu linalira iye akugubuduza dzanja lomaliza. Anauzira fumbi ndi pakamwa, anapukuta timisomali tonse ndi m'mphepete mwa ovolosi yake, natiyala m'mizere pathireyi. Poyang'ana patali tinali totuwa ndithu. Anavalanso magolovesi kuti abise zala, napukuta m'maso ndi mkono.

5. Tebulo la Mayi Mikanda

Mayi Mikanda anali mayi wachikulire amene ntchito yake inali kuveka timikanda ta galasi pa timisomali tisanalowe m'ng'anjo yachiwiri, yosungunula galasi. Anali wamfupi, wa magalasi ochindikala, ndipo pakamwa pake pankaopedwa ndi fakitale yonse, ndi Kapitawo yemwe.

"Mwachedwa nazo bwanji? Mumadikira kuti zibereke ana?" anatero Mayi Mikanda pamene Kamaso ankaika thireyi patebulo.

"Zimazizira, mayi."

Mayi Mikanda anatenga kamsomali kamodzi ndi chopanira, nakagubuduza pagolovesi yawo yoyera. Panatsala mzere wakuda. Anatenga kena, chimodzimodzi. Anakokera pafupi galasi lokulitsira zinthu, nayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, anakatseka chitseko, n'kubwerera.

"Tavula magolovesi."

"Mayi..."

"Ndati vula."

Kamaso anavula. Zala zinali zakuda, zong'ambikang'ambika. Anagwada pasimenti pomwepo, nagwira mwendo wa tebulo.

"Mayi, ndagwira mwendo wanu. Vekani mikandayo, palibe adziwe. Pamakina oyesera zidutsa, bambo ananena okha kuti zimadutsa. Akadziwa a Kapitawo, bambo ntchito yatha. Tikagona kuti? Amayi sayenda, ana ali pasukulu. Kamodzi kokha, mayi, sindidzabwerezanso!"

"Dzuka, ine sindine guwa," anatero Mayi Mikanda. Koma mawu awo sanali aukali ngati masiku onse. Anamukhazika pampando, iwo n'kukhala moyang'anizana naye.

"Tamvera kuno, mwanawe. Za maso a bambo ako ndikuzidziwa kalekale. Unkayesa tonse ndife ana, kumaona munthu akusesa malo amodzi kasanu pa tsiku? Ndinatseka pakamwa chifukwa ntchito inkatuluka yabwino, komanso bambo ako ndinayamba nawo limodzi pano denga ili lisanafoleredwe. Koma izi wachita lerozi ndi zina. Wapala pamwamba, timabowo watisiya pansi. Pamwamba pa timabowopo wathirapo thukuta lako, mate ako ndi magazi ako. Ukunena zoona, pamakina oyesera zikhoza kudutsa, ndipo n'chifukwa chake ndikuchita nazo mantha. Chinthu choipa chimene chikuoneka kuipa sichipha munthu, timachitaya. Chimapha ndi chija chavala nkhope yabwino.

"Batani ili likachoka pano likakhala pachifuwa cha munthu amene sukumudziwa. Adzatsika nalo m'mgodi m'mawa, atasiya ana pakhomo monga bambo ako amasiyira ang'ono ako. Mpweya woipa sununkha, suoneka. Munthuyo chimene amadalira ndi kamakina kaja kuti kalire. Tsiku limene kadzakhale chete, iye adzayesa kuti zonse zili bwino, adzangomva tulo, n'kukhala pansi kuti apume pang'ono. Sadzadzukanso. Ndipo palibe adzadziwe kuti anamupha ndi mtsikana wina wabwinobwino, wokonda bambo ake, amene anali ndi sandipepa ndi ola limodzi. Udzadziwa ndiwe wekha, mpaka imvi. Ukufuna kugula denga la kwanu ndi maliro a kwa eni?"

Kamaso ankangosisima, nkhope ili m'manja.

"Ndiye nditani, mayi? Ndiuzeni chochita!"

"Madzi akatayika saoleka. Ine kwa Kapitawo sindipita, pakamwa ndi pako. Koma mkanda wanga sulowa pa kamsomali aka ngakhale kamodzi. Akabwera kudzafunsa chimene tebulo langa laimira, uyankha ndiwe."

Atatero anapinda manja pachifuwa. Kamaso anapempha, analonjeza, analira mpaka mawu anasasa. Mayi Mikanda anangomupatsa kansalu koti amange zala.

6. Bodza lachiwiri

Sipanapite nthawi, chitseko chinatseguka. Kapitawo analowa atanyamula khadi la ntchito.

"Kolongedza akukufuna iwe, ukutani kuno? Nanga Mayi Mikanda, ng'anjo ya galasi yatentha kale, bwanji tebulo laima?"

Mayi Mikanda anayang'ana kudenga. Kamaso anaimirira.

"Bwana, thireyi iyi ndi yowonongeka. Isapite."

"Yowonongeka bwanji? Si yotuwa iyi?"

"Inapsa, inada. Ndaipala ndi sandipepa kuti isaoneke." Anatambasula manja ake kuti Kapitawo aone.

Kapitawo anayang'ana zalazo, anayang'ana thireyi, mitsempha ya pakhosi n'kutupa. "Wapala? Mazana atatu? Ndiye anapsereza ndani?"

Kamaso anatsitsa manja ake, nayankha.

"Ndine, bwana. Ndinazemba kolongedza m'mawa, ndinakakweza moto bambo atatembenuka. Ndimafuna kuona ngati zingapse msanga. Bambo sakudziwa kanthu."

Mayi Mikanda anatseka maso n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Mwanayo anali atapulumutsa anthu a m'migodi, zimenezo timuyamikire. Koma anatulukira pakhomo la bodza lina, poganiza kuti akadziponya yekha pamoto, nyumba itsala.

"Miyezi isanu pantchito, wayamba kale kusewera ndi moto wa kampani!" anakalipa Kapitawo. "Ndinakulemba chifukwa cha ulemu wa bambo ako. Vula ovolosi imeneyo, usiye pampandopo. Pano usadzapondenso." Anasuzumira pakhomo n'kukuwa: "Tandiitanireni a Ng'anjo, adzamve okha zimene wachita mwana wawo!"

Kamaso anavula ovolosi mofulumira, akufuna atuluke bambo ake asanafike. Anachedwa. Anakumana nawo pakhomo.

7. Funso limodzi

A Ng'anjo anamvetsera nkhani yonse ataimirira, manja ali kumbuyo. Kapitawo anafotokoza za moto wokwezedwa, za sandipepa, za lole imene ipite yopanda katundu. Atamaliza anati, "Pepani achikulire, mlandu si wanu. Bwererani kung'anjo, ndikupatsani tina muphike."

A Ng'anjo sanasunthe.

"Bwana, ndiloleni ndimufunse mwanayu funso limodzi."

"Funsani."

"Kamaso, thireyi ija ndinakuonetsa masana, unati ndi mbewa. Inali yotani?"

"Bambo, tiyeni tikakambe kunyumba."

"Ndakufunsa pano. Inali yotani?"

Kamaso anayang'ana pansi. "Inali yakuda."

"Yakuda pang'ono?"

"Ngati makala, bambo."

A Ng'anjo anagwedeza mutu kangapo ngati munthu amene wamva uthenga umene ankauyembekezera. Kenaka anatembenukira kumene kunkachokera mawu a Kapitawo.

"Bwana, mwamva nokha. Thireyi yakuda ngati makala ndinaiyang'ana ine, ndinaisekerera, ndinaitanira mwana kuti adzaone luso langa. Mwanayu kung'anjo sanafikeko mpaka belu la nkhomaliro. Ine sindinachoke pamalo paja m'mawa wonse, ndipo moto sanaukhudze munthu. Ndinaupeza uli wokwera, sindinauone. Sindikuona, bwana. Ngakhale inu pano ndikungoona chithunzithunzi chovala malaya oyera. Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikuphika ndi maso a mwanayu."

"Bambo, ayi!" analira Kamaso, nawagwira mkono. "Musatero! Ndanena kale kuti ndine!"

"Khala chete, mwana wanga, undimvere komaliza pantchito pano. Wolakwa woyamba ndine. Ndinakusenzetsa katundu amene si wa msinkhu wako, chifukwa ndinkaopa kukhala pakhomo ngati mpando wothyoka. Ndinakuphunzitsa ndekha kuti takuda n'totaya, kenaka ndinakuphunzitsanso kubisa, ndipo phunziro lachiwirilo ndi limene unaligwira kwambiri. Taona lero: wandinamiza ine, wapala zitsulo, wadzinamizira mlandu, zonsezi tsiku limodzi. Ukanapitiriza chotere ukanadzafika kuti? Unkati ukachotsedwa iwe ine nditsala. Nditsala ndi maso a yani? Mawa ndikanapserezanso ina, mkuja ina, mpaka ina ikanadutsa. Kundikonda ndakuona, ndipo sindidzaiwala. Koma munthu amene ukumukonda usamamuuze kuti chakuda n'chotuwa, ngakhale atamwetulira chotani."

Anamasula zingwe za epuloni yawo yachikopa, yopsa m'mphepete ndi moto wa zaka zonse zija. Anaipinda kanayi mosamala, napapasa tebulo mpaka anapeza malo oiika.

"Mubwezereni mwanayu ntchito yake, bwana. Maso ali nawo, ndipo lero waphunzira. Za nyumba mutiuze tsiku, tidzapereka makiyi."

Mayi Mikanda anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale sanali akuda. Kamaso anakwirira nkhope paphewa la bambo ake, akulira ngati kamwana.

Kapitawo ukali unali utamuthera. Anakhala pampando, nayang'ana epuloni ija, kenaka nkhope yake inasintha ngati wakumbukira chinthu.

"Achikulire, mwati miyezi itatu?"

"Itatu, bwana."

"Tsiku lililonse mwanayu ali pambali panu?"

"Lililonse."

"Ayi, si lililonse," anatero Kapitawo motsitsa mawu. "Mwezi watha Kamaso anadwala, sanabwere masiku atatu. Ndinasaina ndine kalata yake. Masiku amenewo ankakuonerani ndani?"

"Palibe," anayankha a Ng'anjo.

Kapitawo anatembenukira kwa Mayi Mikanda. "Inu simunaone kanthu?"

"Sabata imeneyo ndinali kumaliro a mchemwali wanga," anatero Mayi Mikanda. "Ankaveka mikanda ndi aganyu aja munawatenga pageti."

Kamaso anadzutsa mutu. "Bwana, mathireyi amenewo ali kuti?"

Kapitawo anali ataimirira kale, akufufuza foni m'thumba ndi manja onse awiri.

"Anapita kalekale," anatero. "Pano ali pansi pa nthaka, pazifuwa za anthu."